Momwe mungawerengere mayunitsi a sola pa kompyuta musanakwere padenga

Funso limene amene timaika sola timafunsidwa kawirikawiri ndi lakuti, "Mapanelo anayiwa azindipatsa mayunitsi angati pa mwezi?" Ambiri timayankha ndi masamu a m'mutu: watt 450 kuchulukitsa ndi mapanelo anayi, kuchulukitsanso ndi maola asanu a dzuwa, basi. Masamuwa samanama kwenikweni, koma sadziwa kuti mu Okutobala malata amawotcha ngati chiwaya, kuti mu Januwale mitambo imagona pamwamba pa mudzi sabata yathunthu, ndiponso kuti dzuwa la kuno silidutsa njira imene limadutsa ku America. Khodi ya mizere yosakwana makumi atatu imatha kuwerengera zonsezi ola ndi ola, chaka chonse. Pano tiilemba limodzi.

Tigwiritsa ntchito Python ndi laibulale yotchedwa pvlib. Inayambira ku Sandia National Laboratories, ku Albuquerque m'dziko la United States, poyamba mu MATLAB, kenako cha m'ma 2013 anaisamutsira mu Python. Ndi yaulere, ndipo akatswiri a m'mayiko ambiri amaiwonjezerabe. Chitsanzo chathu chikhala nyumba ya ku Lilongwe yokhala ndi mapanelo anayi a watt 450 lililonse, onse pamodzi watt 1800, ndi inveta yotulutsa watt 1500.

Poyambira

Simufunika kompyuta yamphamvu. Tsegulani Google Colab pa bulawuza, lowani ndi akaunti ya Google, yambani notebook yatsopano. Khodiyo imayenda pa makina a Google, ndiye laputopu yakale ija imene imangolira feni ikwanitsa. Pa foni zimathekanso, koma kusaka mabulaketi pa kiyibodi ya foni kumatopetsa msanga. Bandulo yake siidya kwambiri. Amene netiweki imawavuta aike Python ndi Jupyter pa kompyuta yawo tsiku limene apeza intaneti yabwino.

M'bokosi loyamba lembani izi, muyendetse:

```
!pip install pvlib
import pvlib
malo = pvlib.location.Location(-13.96, 33.79,
    tz='Africa/Blantyre', altitude=1050)
```

Mayina ngati `malo` ndi anu osankha, Python ilibe nawo vuto la chilankhulo. Ine ndimalemba m'Chichewa kuti ndikabwerako patatha miyezi ndizikumbukira zimene ndinkaganiza.

Yang'anitsitsani kachizindikiro ka minus kali patsogolo pa 13.96. Kamauza pulogalamu kuti tili kumwera kwa equator. Mukakaiwala, kompyuta siidandaula ayi: imangosamutsira nyumba yanu ku Sudan n'kupitiriza kuwerengera mosangalala. Manambala a malo anu enieni muwatenga pa Google Maps, pogwira chala pa denga la nyumbayo.

Nyengo ya chaka chonse

Tifunika kudziwa kuwala, kutentha kwa mpweya ndi mphepo pa ola lililonse la chaka, maola 8760. Palibe amene anakhala panja ndi kope kulemba zimenezi ku Area 25, koma ma satellite akhala akujambula mitambo kwa zaka zambiri. Bungwe la European Commission lili ndi chida chaulere chotchedwa PVGIS, ndipo pvlib imatha kukatapa komweko:

```
nyengo = pvlib.iotools.get_pvgis_tmy(-13.96, 33.79,
    coerce_year=2023)[0]
nyengo = nyengo.tz_convert('Africa/Blantyre')
nyengo.to_csv('nyengo_lilongwe.csv')
```

Chimene mwalandiracho amachitcha TMY. Si chaka chenicheni chimene chinachitikapo. Amatenga Januwale wa chaka china amene anali wapakatikati, Febuluwale wa chaka chinanso, n'kulumikiza miyezi khumi ndi iwiri yotero kukhala chaka chimodzi chosasefukira komanso chosauma. Ndicho chifukwa chake tauza khodi kuti miyezi yonseyo iilembe ngati ya 2023, kuti masiku ayende mwa ndondomeko. Mzere wachitatu ukusunga zonse mu fayilo. Itsitseni muisunge, mudzandithokoza tsiku limene netiweki idzakane.

Mzere wachiwiriwo ndi wa nthawi. PVGIS imapereka maola a UTC, nthawi imene mayiko onse amayerekezerapo mawotchi awo, pomwe wotchi ya ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ili patsogolo ndi maola awiri. `tz_convert` imasintha wotchi popanda kusuntha dzuwa. Pali mnzake wofanana naye dzina, `tz_localize`, amene ntchito yake ndi kupaka dzina la dera pa maola omwe alibe dera. Mukasunga fayilo, n'kuitsegula mu Excel, n'kudzaiwerenganso, apa ndi pamene anthu amasokoneza awiriwa, dzuwa n'kuyamba kutuluka 4 koloko m'mawa.

Mu tebulomo muona mitu itatu ya kuwala. `dni` ndi kuwala kochokera pa dzuwa penipeni, kuja kumapanga mthunzi wakuthwa. `dhi` ndi kuwala komwazika kochokera thambo lonse, kuja kumakulolani kuwerenga nyuzipepala pansi pa mtengo wa mango kapena tsiku la chiperoni. `ghi` ndi zonse ziwiri pamodzi monga zimagwera pa bwalo losalala. Musanapitirire, phatikizani `ghi` yonse, gawani ndi 365 kenako ndi 1000. Ku Lilongwe yankho liyenera kugwa pakati pa 5 ndi 6, kutanthauza ma kWh ogwera pa sikweya mita imodzi pa tsiku. Mukapeza 2 kapena 11, imani kaye, china chake chalakwika kumwambaku.

Dzuwa lili kuti, panelo yayang'ana kuti

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa ndi pamene ndinagwa ine.

```
dzuwa = malo.get_solarposition(nyengo.index)
kuwala = pvlib.irradiance.get_total_irradiance(15, 0,
    dzuwa['apparent_zenith'], dzuwa['azimuth'],
    nyengo['dni'], nyengo['ghi'], nyengo['dhi'])
```

Nambala yoyamba, 15, ndi kupendekeka kwa panelo m'madigiri: 0 ndi yogona chagada, 90 ndi yoimirira ngati khoma. Yachiwiri, 0, ndi kumene yayang'ana. Mu pvlib kumpoto ndi 0, kum'mawa 90, kumwera 180, kumadzulo 270. Zitsanzo zambiri zimene mungapeze pa intaneti zinalembedwa ndi anthu a ku America ndi ku Ulaya, kumene dzuwa limadutsa chakumwera, ndiye amalemba 180. Ngakhale mbali zina za pvlib yomweyi, mukapanda kuiuza kanthu, zimangoganiza 180.

Tsiku langa loyamba ndinakopera chitsanzo chotero osasintha. Zotsatira zinaoneka zaulemu ndithu, manambala a chaka sanali oseketsa, ndipo ndinatsala pang'ono kuwatumiza kwa kasitomala. Chinandipulumutsa ndi mwezi wa Juni, umene unatsika kwambiri mosagwirizana ndi zimene ndinkaona pa mainveta a nyumba zimene ndinaikapo kale. Chifukwa chake nachi. Chakumapeto kwa Juni, masana, dzuwa la ku Lilongwe limakwera madigiri pafupifupi 53 okha, litapendekera kumpoto. Panelo yopendekeka madigiri 15 kuyang'ana kumpoto imalandira pafupifupi magawo 92 pa 100 a kuwala kwachindunji pa ola limenelo. Yofulatira, yoyang'ana kumwera, imalandira pafupifupi magawo 61 okha.

Komabe kuno sikuli ngati ku Johannesburg kapena Cape Town, kumene dzuwa la masana limakhala kumpoto chaka chonse. Ife tili pakati pa equator ndi Tropic of Capricorn, ndiye cha kumapeto kwa Okutobala dzuwa limadutsa pa liwombo penipeni, mthunzi wa mtengo wa magetsi n'kuthawira pansi pa mtengowo. Kuchokera pamenepo limakhala chakumwera pang'ono mpaka chapakati pa Febuluwale, n'kubwereranso kumpoto. Mu Disembala limakhala pa madigiri pafupifupi 80, mbali ya kumwera. Ichi ndicho chimabisa cholakwika changa chija: miyezi ya dzinja panelo yoyang'ana kumwera sichita manyazi, ndiye pa chaka chonse kusiyana sikuoneka kwakukulu. Kumaonekera m'nyengo yozizira, nthawi imene masiku ndi aafupi ndipo mabatire akufuna chakudya.

Dzuwali likuthandizaninso kuyesa wotchi yanu. Nthawi yathu imatsatira longitude 30, koma Lilongwe ili pafupi ndi 34, choncho dzuwa limafika pachimake mphindi ngati 15 isanakwane 12 koloko, ndipo kumayambiriro kwa Novembala limafika cha m'ma 11:30. Lembani `kuwala['poa_global'].loc['2023-09-15'].plot()` muone chithunzicho. Phiri lake likhale cha pakati pa 11 ndi 12 koloko. Likakhala pa 9 kapena pa 2 koloko masana, bwererani ku nkhani ya UTC ija.

`poa_global` imeneyo ndiyo nambala imene timaifuna pa gawoli: kuwala konse kofika pankhope pa panelo yanu monga yaikidwira.

Kutentha

Tembenuzani panelo muwerenge kachikalata kakumbuyo. Watt 450 alembedwawo anayezedwa m'fakitale, kuwala kuli 1000 W/m², ma cell, tizigawo ta silicon ta m'kati mwa panelo, ali pa 25°C. Tawonani bwino: ndi ma cell amene ali pa 25, osati mpweya. Padenga la kuno masana cell ya 25°C mungaione mwina m'mawa wa Julayi basi. Amene anayesapo kutsamira dzanja pa felemu ya panelo mu Okutobala akudziwa zimene ndikunena. Silicon ikatentha voltage imatsika, ndipo mapanelo ambiri a masiku ano amataya pakati pa 0.3 ndi 0.4 peresenti ya mphamvu pa digiri iliyonse yopitirira 25. Nambala yeniyeni ya panelo yanu ili pa datasheet, pa mzere wa temperature coefficient of Pmax. Ife titenga 0.35.

```
mtundu = pvlib.temperature.TEMPERATURE_MODEL_PARAMETERS[
    'sapm']['open_rack_glass_polymer']
kutentha = pvlib.temperature.sapm_cell(kuwala['poa_global'],
    nyengo['temp_air'], nyengo['wind_speed'], **mtundu)
dc = pvlib.pvsystem.pvwatts_dc(kuwala['poa_global'],
    kutentha, 1800, -0.0035)
```

Nambala yomalizayo ndi -0.0035, osati -0.35. Mukalemba -0.35 mapanelo anu ayamba kutulutsa mphamvu ya minus, ngati akukongola.

Ndi bwino kuwerengera ola limodzi pamanja kuti mudziwe zimene khodi ikuchita, osangoikhulupirira. Tiyerekeze masana a Okutobala: kuwala 950, mpweya 32°C, mphepo mamita awiri pa sekondi. Mapanelo okwezedwa pa zitsulo, mphepo ikudutsa pansi, ma cell awo afika pafupifupi 58°C. Kuwala kokha kukanapereka 1800 kuchulukitsa ndi 0.95, yomwe ndi watt 1710. Madigiri 33 owonjezerawo achotsa pafupifupi 11.6 peresenti, kutsala watt ngati 1510.

Tsopano sinthani `open_rack_glass_polymer` muike `close_mount_glass_glass`, yoimira mapanelo okhala pafupi kwambiri ndi denga. Pa ola lomwelo cell ifika cha m'ma 77°C, mphamvu n'kutsikira pafupifupi watt 1400. Watt 110 zapita chifukwa chosowa mpata wa mphepo. Ndaonapo mapanelo ambiri ogonekedwa pa malata penipeni, omangidwa ndi waya wa m'kati mwa tayala, mwini wake atakana kugula ma rail kuti ndi odula. Kukangana naye pakamwa sikuthandiza. Ndimangomuonetsa manambala awiriwa pa foni.

Zotayika panjira, ndi inveta

Mphamvu yochoka pa panelo sifika yonse. Chida cha PVWatts, chimene anapanga a NREL, bungwe lofufuza za mphamvu ku United States, chimachotsa pafupifupi 14 peresenti mukapanda kusintha kanthu: 2 ya fumbi, 3 ya mithunzi, 2 ya mawaya, 2 ya kusafanana kwa mapanelo, 3 ya nthawi imene makina sakugwira ntchito, ndi tina ting'onoting'ono. Mulinso mzere wa chipale chofewa chija chimagwa kwawoko. Umenewo usiyeni pa ziro.

```
zotayika = pvlib.pvsystem.pvwatts_losses(soiling=4)
dc = dc * (1 - zotayika/100)
ac = pvlib.inverter.pvwatts(dc, 1500/0.96)
```

Fumbi ndaliika pa 4 m'malo mwa 2. Iyi ndi nambala ya maganizo anga, osati ya kafukufuku. Kuchokera Meyi mpaka mvula yoyamba palibe chotsuka mapanelo, ndipo Ogasiti akafika pali fumbi la m'misewu, phulusa la tchire limene anyamata osaka mbewa atentha, ndi zitosi za nkhunda. Nyumba ya m'mphepete mwa msewu wafumbi ndingaikire 6. Ya munthu amene amatuma mwana ndi ndowa ndi kansalu Loweruka lililonse ndingabwezere pa 2. Mukafuna nambala yanu yeniyeni, lembani zimene inveta ikuonetsa masana a tsiku lopanda mitambo, tsukani mapanelo m'mawa wotsatira akadali ozizira, muyerekeze ola lomwelo.

Pa mzere wa inveta, pvlib imafuna malire a mphamvu yolowa (`dc`), osati yotuluka (`ac`), n'chifukwa chake tagawa 1500 ndi 0.96. Anthu ena amadabwa kuona inveta ya 1500 pa mapanelo a 1800, amvekere tikuwabera. Masamu a pamwambawa ayankha kale: ndi kutentha ndi zotayika zija, maola amene mapanelowa angapitirire 1500 ndi owerengeka. Mutha kuwawerenga ndi `(ac >= 1499).sum()`.

Tsopano mayunitsi:

```
pamwezi = ac.groupby(ac.index.month).sum() / 1000
print(pamwezi, pamwezi.sum())
pamwezi.plot(kind='bar')
```

Popeza mzere uliwonse ndi ola limodzi, kuphatikiza ma watt kumapereka ma watt-hour, ndipo kugawa ndi 1000 kumapereka kWh. kWh imodzi ndiyo yuniti imodzi ya pa mita ya prepaid, ndiye yankho lili m'chilankhulo chimene kasitomala aliyense amamva. Muyembekezere kuona Seputembala ndi Okutobala ali pamwamba, miyezi ya mvula itatsika. Mukasamutsira malo ku Thyolo kapena Mulanje muonanso dzanja la chiperoni pa Juni ndi Julayi. Pokonza za mabatire musayang'ane nambala ya chaka, yang'anani mwezi woipitsitsa, mugawe ndi masiku ake. Fuliji siidziwa kuti Okutobala analemera.

Kusewera nayo

Phindu lenileni la khodi likuyamba apa. Ikani mizere yonse, kuchokera pa `kuwala` mpaka pa `ac`, m'kati mwa function yolandira kupendekeka ndi kumene panelo yayang'ana, ndipo muiyendetse pa kupendekeka kwa madigiri 0, 5, 10, mpaka 30. Muona kuti pakati pa 10 ndi 20 mayunitsi a chaka sasiyana kwenikweni, phirilo ndi losalala pamwamba. Choncho kukwera padenga ndi chingwe kuti mupeze madigiri 14 enieni ndi kudzizunza chabe. Chimene chimasintha ndi kagawidwe: mukapendeketsa kwambiri, Juni amadya bwino, Disembala n'kuchepekedwa. Kugoneka panelo pa 0 sindimalola ngakhale manambala aoneke bwino, chifukwa madzi a mvula amadikha pagalasi n'kusiya matope m'mphepete, chinthu chimene khodi yathu siidziwa.

Yesaninso 90 ndi 270 pa kumene panelo yayang'ana. Nyumba zambiri denga lake limatsetserekera kum'mawa ndi kumadzulo, ndipo mwini nyumba amada nkhawa kuti sola sitheka. Pa denga losapendekeka kwambiri, kuno kufupi ndi equator, zotayika si zoopsa monga anthu amaganizira. Ikani manambala a denga lakelo muone nokha.

Mukamaliza, yerekezani yankho lanu ndi chida china. Global Solar Atlas, ya World Bank ndi kampani ya Solargis, imapereka ma kWh a pa chaka pa kW iliyonse ya mapanelo mukangogwira malo pa mapu. Gawani mayunitsi anu a chaka ndi 1.8 mufananize. Kusiyana pang'ono n'kwachibadwa, popeza magwero a nyengo ndi zotayika sizofanana. Kukafika gawo limodzi mwa magawo asanu, fufuzani minus uja, 180 uja ndi wotchi.

Khodi yomweyi, yowonjezeredwa bwino, ndi mtundu wa masamu amene amachitika asanamange malo aakulu ngati a 60 MW ku Salima, amene anayamba kugwira ntchito mu 2021, kapena a 20 MW okhala ndi mabatire ku Golomoti. Kumeneko amawonjezera mithunzi ya mizere ya mapanelo, makina otsata dzuwa, ndi zoyezera nyengo zoikidwa pamalopo.

Kuyerekeza ndi zenizeni

Mainveta ambiri amasunga ma kWh a tsiku ndi tsiku pa sikirini kapena pa app. Lembani a mwezi wathunthu m'kope, muyerekeze ndi `pamwezi`. Kumbukirani kuti TMY ndi chaka chapakatikati, ndiye mwezi umodzi wa chaka chino utha kusiyana nayo popanda cholakwa chilichonse. Chaka cha namondwe ngati Freddy, amene anagwetsa mvula masiku angapo osalekeza kumwera kwa Malawi mu Malichi 2023, sichingafanane nayo.

Pali msampha umodzi umene umakola pafupifupi aliyense amene amagwira ntchito ndi sola ya mabatire, yomwe ndiyo yochuluka m'nyumba zathu. Khodi yathu imawerengera zimene mapanelo angathe kupereka, poganiza kuti mphamvu iliyonse ili ndi kopita. Koma batire ikadzaza 11 koloko m'mawa, ana ali kusukulu, m'nyumba mukulira fuliji yokha, charge controller, kachipangizo koyang'anira kudzaza kwa batire, imachepetsa dala mphamvu yotenga ku mapanelo. Madzulo inveta ionetsa mayunitsi atatu pomwe khodi imati asanu ndi atatu, inu n'kuyamba kukayikira mapanelo osalakwa.

Pofuna kuyesa mwachilungamo, sankhani tsiku lopanda mtambo, batire itatsika bwino usiku, ndipo masana yatsani zinthu zolemera: ayironi, pampu ya madzi, ketulo. Lembani ma watt a PV, ochokera ku mapanelo, amene inveta ikuonetsa pa 10, 11, 12 ndi 1 koloko. Pa kompyuta, m'malo mwa TMY gwiritsani ntchito `malo.get_clearsky` pa maola omwewo, imene imapereka `ghi`, `dni` ndi `dhi` za thambo loyera, ndipo kutentha kwa mpweya lowetsani kumene foni yanu yaonetsa tsikulo. Muyerekeze ndi `dc`, osati `ac`, chifukwa nambala ya PV pa sikirini ndi ya mbali ya mapanelo. Ngati maola onse atsika mofanana, ganizirani fumbi kapena mawaya owonda. Ngati latsika ndi ola limodzi lokha, monga 10 koloko, mawa tulukani panja pa ola limenelo muyang'ane kumene mthunzi wa thanki ya madzi kapena nthambi ya mpapaya ukugwera.